Whitney Houston: mawu aja anachokera m'magazi kapena m'kwaya?

Mayi wina wa ku Zomba watilembera. Akuti mwana wawo wamkazi wa zaka 13 amayimba kwaya kutchalitchi ndipo nyimbo za Whitney Houston sizichoka pakamwa pake. Iwo anamva kuti Whitney anabadwira m'banja la oyimba, ndiye akufunsa kuti: kodi luso lija linali la m'magazi? Kodi sanangokwera pamsana pa amayi ake? Nanga mwana ngati wawoyu, wobadwira m'banja lopanda woyimba ndi mmodzi yemwe, angafike pati?

Mayi, zikomo polemba. Ndaphunzitsa makwaya kwa zaka zambiri, ndipo makolo akandifunsa za magazi ndimadziwa kuti mumtima akufunsa za mwana wawo. Ndiyankha zonse ziwiri, koma mundilole ndiyambire kutali, chifukwa nkhani ya Whitney siyambira pa iye.

Agogo ake aamuna, a Nitcholas Drinkard, anali a ku Georgia, kum'mwera kwa America. Anasamukira ku Newark, m'chigawo cha New Jersey, monga anachitira anthu akuda ambirimbiri nthawi imeneyo pothawa tsankho ndi umphawi wa kum'mwerako. Anabereka ana 8, ndipo mzime anali Emily, wobadwa mu 1933, yemwe dziko linadzamudziwa ndi dzina loti Cissy. Amenewa ndiwo mayi ake a Whitney. Bambo Drinkard anali munthu wopemphera ndipo ankafuna kuti ana awo aziyimbira Mulungu, choncho Cissy anayamba kuyimba ndi abale ake ali ndi zaka 5. Gulu la pabanjali linakula n'kukhala Drinkard Singers, linakayimba ku Newport Jazz Festival mu 1957, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 linajambula chimbale ndi kampani ya RCA, pa nthawi imene makampani akuluakulu sankalabadira kwenikweni nyimbo zauzimu za anthu akuda. Musaganize kuti linali banja la mwanaalirenji. Cissy anataya mayi ake ali ndi zaka 8, bambo ake ali ndi zaka 18, n'kukakhala kwa mkulu wake, Lee.

Lee ameneyu ndiye mayi wa Dionne Warwick ndi Dee Dee Warwick. Nyuzipepala za Chingerezi zimati Dionne ndi msuweni wa Whitney, koma kwathu kuno mwana wa mayi aakulu si msuweni, ndi mkulu wako weniweni. Ndipo anali mkulu ndithu: Dionne anabadwa mu 1940, zaka 23 Whitney asanabadwe, ndipo anatchuka kuyambira mu 1962. Whitney anatsegula maso m'banja momwe kumva mawu a m'bale wako pa wailesi sichinali chinthu choyimitsa ntchito.

Tsopano ndifike pamene pagona yankho langa. Ntchito imene inkadyetsa banja la a Cissy sinali yoima kutsogolo. Anali woyimba wa kumbuyo, aja othira mang'ombe pa nyimbo za anzawo. Dionne ndi Dee Dee ndiwo anayamba ntchitoyi m'masitudiyo a ku New York, ndipo Dionne atayamba kuyimba payekha, mayi ake aang'onowa analowa m'malo mwake. Pofika 1967 gulu lawo linkatchedwa Sweet Inspirations, pansi pa kampani ya Atlantic. Mawu awo ali kumbuyo kwa Aretha Franklin, Wilson Pickett, Dusty Springfield, Van Morrison, ngakhalenso Jimi Hendrix, ndipo mu 1969 anayimba kumbuyo kwa Elvis Presley ku Las Vegas.

Anthu ambiri amaiderera ntchito imeneyi chifukwa sanaiyesepo. Woyimba wa kumbuyo amalowa mu situdiyo nyimbo asakuidziwa. Amaimva kawiri kapena katatu, n'kupeza mzere wake pakati pa anzake awiri kapena atatu, ndipo ola lililonse la situdiyo wina akulipira ndalama, choncho palibe wokudikira. Ayenera kupuma pamene anzake akupuma, kutseka liwu pamene anzake akutseka, kusintha kakomedwe ka mawu ake kuti kagwirizane ndi mwini nyimbo, lero mwamuna wa mawu okhuthala, mawa mkazi wa mawu opyapyala. Akachita bwino kwambiri, womvera sazindikira n'komwe kuti alipo. Munthu wogwira ntchito yotere kwa zaka khumi amakhala ndi khutu lakuthwa kuposa oyimba ambiri otchuka, ndipo amadziwa kuti kukweza mawu ndi gawo laling'ono chabe la kuyimba. Ameneyu ndiye anali mphunzitsi wa Whitney, ndipo ankagona naye nyumba imodzi.

Whitney Elizabeth Houston anabadwa pa 9 Ogasiti 1963 ku Newark. Bambo ake, a John Houston, ndiwo anamupatsa dzina loti Nippy, lomwe a pabanja ankamuitana nalo mpaka imfa yake. Mu Julayi 1967, iye asanakwanitse zaka 4, mumzindawo munabuka zipolowe zomwe zinapha anthu 26, ndipo pambuyo pake banjalo linasamukira ku East Orange, tauni yoyandikana nayo. Koma tchalitchi sanasinthe. Anapitiriza kupemphera ku New Hope Baptist Church ku Newark, kumene a Cissy anatsogolera zoyimbayimba kwa zaka zoposa 50.

Kutchalitchi kumeneko n'kumene Whitney anayamba, m'kwaya ya ana, ndipo anayimba yekha koyamba pamaso pa mpingo ali ndi zaka 11 kapena 12. Nyimbo yake inali "Guide Me, O Thou Great Jehovah", nyimbo yakale ya m'buku yochokera ku Wales. Ndikufuna muganizire chimene mpingo wotere umachita kwa mwana woyimba. M'matchalitchi a Baptist a anthu akuda ku America, mpingo sukhala chete n'kudikira kuwomba m'manja kumapeto. Umayankha pomwepo. Ukagwira mtima, wina amafuula, wina amaimirira, woyimba piyano amakutsatira kumene ukupita. Ukamayimba mwachiphamaso, mpingo umangokhala duu, ndipo umadziwa wekha kuti sizinafike. Ife a kuno sitingadabwe nazo, poti kutsogolera ndi kuvomera ndi mmene timayimbira pamaliro, paukwati ndi pamtondo pomwe. Mwana amene wakula akuyankhidwa chonchi Lamulungu lililonse amaphunzira kuwerenga anthu, kudziwa pamene angachedwe pa liwu limodzi ndi pamene ayenera kupitirira. Palibe buku lophunzitsa zimenezo.

Kunyumba maphunziro anali okhwima. Whitney atanena kuti akufuna kukhala woyimba, amayi ake sanamunyengerere. Anamuphunzitsa monga mmisiri aphunzitsira mwana wolowa ntchito yake, ndipo zotsatira zake zimamveka m'nyimbo iliyonse ya Whitney ya zaka zoyambirira. Mawu a nyimbo amawatchula momveka, liwu lililonse mpaka kumapeto kwake. Mpweya amautenga pamalo oyenera, osadula chiganizo pakati. Ndipo chimene ine ndimachikonda koposa: amayamba wakupatsani chuni chili chosakongoletsa, mwachimve bwinobwino, kenaka ndiye ayambe kuchipinda. Omutsanzira ambiri amatembenuza dongosololi. Amayamba ndi zokongoletsa pa mzere woyamba, ndipo akafika pachimake pa nyimbo alibenso chotsala choti apereke.

Anakulanso akuona akatswiri akugwira ntchito, osati akuwala pa siteji pokha. Amayi ake ankapita naye ku situdiyo, ndipo kumeneko n'kumene anamvera Aretha Franklin akujambula, iye ali mwana. Pano ndikonze nkhani imene yafala: ambiri amati Aretha anali mayi wake wa ubatizo, koma mwiniwake Aretha anakana zimenezo. Anali mnzawo wa a Cissy, ndipo Whitney ankamutenga ngati azakhali. Mayi wa ubatizo anali Darlene Love, woyimba winanso amene anathera zaka zambiri akuyimba kumbuyo kwa ena. Pa oyimba amene Whitney ankawamvetsera ali mtsikana panalinso Gladys Knight, Roberta Flack ndi Chaka Khan. Ndikamamvetsera ndimamva mbali ziwiri zikukumana mwa iye. Kwa Aretha ndi kutchalitchi anatengako moto. Kwa Dionne anatengako kudekha, kuyimba nyimbo ya chuni chovuta ngati kuti ndi yophweka, osatuluka thukuta. Oyimba ambiri amakhala ndi chimodzi mwa ziwirizi. Iye anazipeza zonse pakhomo.

Ali ndi zaka 14 anayamba kuyimba kumbuyo kwa amayi ake m'makalabu a ku New York, malo ngati Sweetwater's ndi Mikell's. Onani dongosolo lake: usiku wonse ali kumbuyo, kuthira mang'ombe, ndipo pakati pa pulogalamu amayi ake ankamupatsa nyimbo imodzi kuti atsogolere, kenaka abwerere pamalo pake. Mu 1978 anayimba ku Town Hall ku Manhattan pa konsati ya amayi ake, ndipo chaka chomwecho mawu ake anamveka pa nyimbo ya gulu la Michael Zager. Anayimbanso kumbuyo kwa Lou Rawls, ndi kwa Chaka Khan pa chimbale chotuluka mu 1980. Patapita zaka 12, pamene Whitney anajambulanso nyimbo ya Chaka yotchedwa "I'm Every Woman", anatchula dzina la Chaka kumapeto kwake. Sanaiwale amene anamuimapo kumbuyo.

Opanga nyimbo anayamba kumufuna ali pasukulu, koma a Cissy anakana mpaka amalize. Ankaphunzira pa Mount Saint Dominic Academy, sukulu ya atsikana ya Akatolika ku Caldwell, ndipo anamaliza mu 1981. Nthawi yomweyo ankagwiranso ntchito yojambulitsa zithunzi zotsatsira zovala, mpaka anaoneka pachikuto cha magazini ya Seventeen, chinthu chomwe atsikana akuda ochepa kwambiri anali atachitapo. Mu 1983 Gerry Griffith wa kampani ya Arista anamumva akuyimba ndi amayi ake mu kalabu, anakauza bwana wake Clive Davis, ndipo Whitney anasaina mgwirizano ali ndi zaka 19. Ngakhale pamenepo sanathamange. Chimbale chake choyamba chinatuluka pa 14 Febuluwale 1985, patatha pafupifupi zaka ziwiri akusankha nyimbo. Dziko linkati kwatuluka mtsikana watsopano, koma mtsikanayo anali atayimba pamaso pa anthu kwa zaka pafupifupi khumi. Mu 1986, atapambana mphoto yake yoyamba ya Grammy, amene anamupatsira m'manja anali Dionne.

Ndiye kodi anakwera pamsana pa amayi ake? Ndisakunamizeni, Mayi: dzina la banja linamutsegulira zitseko. Mtsikana wina wa ku Newark wa mawu abwino sakanalowa mu situdiyo ya Chaka Khan ali ndi zaka 16, ndipo sakanapeza siteji ya ku Manhattan yoti azionekerapo sabata ndi sabata. Mwayi umenewo unali weniweni ndipo si aliyense amaupeza. Koma a Cissy enieniwo, ndi mawu awo onse aja, sanafike pamene anafika mwana wawo. Anajambula "Midnight Train to Georgia" mu 1972 osapita nayo patali, ndipo chaka chotsatira Gladys Knight ndi gulu lake anaitengera pamwamba penipeni. Dee Dee naye anali woyimba wamphamvu amene sanatchuke ngati mkulu wake. Magazi amodzi, tchalitchi, masitudiyo omwewo, koma mathero osiyana. Ngati magazi okha akanakhala yankho, onsewa akanafanana.

Pali mbali ina yomwe ndimavomera kuti munthu amabadwa nayo. Kukula kwa kholingo, kapangidwe ka m'kamwa ndi pachifuwa, kakomedwe ka liwu, zimenezi zimayenda m'banja monga ziyendera msinkhu ndi nkhope. Mukamvera a Cissy akukwera pamwamba kumbuyo kwa Aretha mu "Ain't No Way" ya 1968, mumva mawu amene mwawazolowera kwa mwana wawo. Koma ndaphunzitsapo ana a mawu okongola kwambiri amene sanapite kulikonse chifukwa sankamva anzawo, ndi ena a mawu wamba amene anadzakhala nsanamira za kwaya chifukwa khutu lawo linali lotseguka. Kwathu kunonso tili ndi chitsanzo chomwecho. Malemu Lucius Banda anakulira mu Alleluya Band ku Balaka, pansi pa mkulu wake Paul Banda, m'gulu lomera pa tchalitchi, ndipo anayimba ndi kuimba zida kumeneko kwa zaka zambiri asanatulutse chimbale chakechake. Banja la oyimba limapatsa mwana malo oima pafupi ndi odziwa, tsiku ndi tsiku, kwa nthawi yaitali.

Kuti mumve tchalitchi mwa Whitney, tengani nyimbo imene aliyense amaidziwa, "I Will Always Love You", yomwe analemba ndi Dolly Parton ndipo Whitney anaijambula mu 1992. Anthu amakumbukira pamene ng'oma igunda kamodzi iye n'kutulutsa mawu onse. Ine ndimaphunzitsa ophunzira anga poyambira pake. Amayamba yekha, popanda chida chilichonse, motsitsa, kwa masekondi oposa 40, ngati munthu waimirira pakati pa mpingo osadikira woyimba piyano. Kuyimba motsitsa chonchi, osagwedera, osatsika kiyi, n'kovuta kuposa kufuula. Ndipo chimake chija chimatigwira chifukwa watidikiritsa mphindi zitatu. Kudziletsa kumeneko ndi kwa munthu amene anaphunzira kudikira nthawi yake ali kumbuyo kwa amayi ake.

N'chifukwa chake zimandipweteka ndikakumbukira zimene zinachitika mu 1989 pa mwambo wa mphoto za Soul Train, pamene ena mwa omvera anamukuwiza dzina lake litatchulidwa. Ankati nyimbo zake zapendekera kwa azungu, wataya kwawo. N'zoona kuti Arista inamusankhira nyimbo zoti zigulidwe ndi anthu a mitundu yonse, ndipo munthu atha kukangana nazo zimenezo. Koma kunena kuti mdzukulu wa a Drinkard, woleredwa m'kwaya ya New Hope, sankayimba ngati wa kwawo, kunali kusamvetsera. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu Juni 1988, anali atayimba ku Wembley ku London pa konsati yokumbukira zaka 70 za Nelson Mandela, Mandelayo akadali m'ndende. Ndipo mu 1996, pa nyimbo za filimu ya The Preacher's Wife, anayimba ndi Georgia Mass Choir, ndipo aliyense anamva kuti kumeneko ndiye kunali kwawo.

Ndisabisenso mtengo wake. Mayi woyimba amakhala pa ulendo, ndipo Whitney ndi alongo ake ankatsala ndi bambo awo kapena m'manja mwa anthu ena nthawi zambiri. A Cissy anachoka mu Sweet Inspirations mu 1969, mwa zina pofuna kukhala pafupi ndi ana. Makolo ake anapatukana iye ali mtsikana. Atatchuka, bambo ake anayamba kuyendetsa za ntchito yake, mlongo wake Gary n'kumayimba kumbuyo kwake, ndipo banja ndi ntchito zinakhala chinthu chimodzi. Zikatero, mwana amasowa kothawira akatopa, poti kunyumba n'komwenso kuntchito. Zovuta za moyo wake wam'tsogolo zinali ndi mizu yambiri ndipo sindingaziike pa chinthu chimodzi. Anamwalira pa 11 Febuluwale 2012 ali ndi zaka 48, ndipo mwambo wa maliro ake unachitikira ku New Hope komwe kuja, amayi ake ali pompo. A Cissy anamwalira mu Okutobala 2024 ali ndi zaka 91.

Tsopano za mwana wanu. Simungamupatse a Cissy, koma kwaya imene akuyimbamo ndi theka la zimene Whitney anali nazo, ndipo muli nayo kale. Musafulumire kumupempherera malo otsogolera. Ngati ali pa sopulano, pemphani aphunzitsi a kwaya amuike pa alito kwa miyezi ingapo. Wa sopulano amayimba chuni chimene aliyense akuchidziwa, pomwe wa alito amakakamizika kugwira mzere wake uku wina akuyimba zosiyana pafupi ndi khutu lake, ndipo khutu limakulira pamenepo. M'tchalitchi mwanu muyenera kuti muli mayi kapena bambo wachikulire amene aliyense amadziwa kuti akayambitsa nyimbo sipasokonekera. Mwana wanu aziima pafupi ndi ameneyo.

Chimene ndikukupemphani mwamphamvu ndi ichi: asamakakamize mawu kuti afike pamene Whitney ankafika. Whitney anajambula "I Will Always Love You" ali ndi zaka 28, thupi litakhwima, ataphunzitsidwa kwa zaka zoposa 15. Mawu a mtsikana wa zaka 13 akadali kusintha, ngakhale kusintha kwake sikumveka kwambiri ngati kwa anyamata, ndipo kufuula pamwamba tsiku ndi tsiku kumatupitsa timinofu ta m'kholingo. Akayimba n'kumva kuwawa pakhosi, kapena mitsempha ya m'khosi ikamaonekera, aleke pomwepo. Azitsitsa kiyi kufikira pamene nyimbo ikutuluka mosavuta, azimwa madzi okwanira, aziyamba ndi kung'ung'udza motsitsa asanayimbe mokweza. Mawu akasasa kwa masabata opitirira awiri popanda chimfine, mupite naye kuchipatala.

Ndipo Loweruka lina mukakhala ndi mpata, khalani naye pansi mumvere nyimbo ziwiri motsatizana. Yoyamba ikhale "Ain't No Way" ya Aretha ija ya 1968, koma mumuuze kuti asatsatire Aretha, atsatire mawu a kumbuyo amene akukwera okha pamwamba. Yachiwiri ikhale "I Know Him So Well", yomwe Whitney anayimba ndi amayi ake pa chimbale chake cha 1987. Mumufunse kuti akuuzeni pamene mayi wasiyira ndi pamene mwana wayambira, ndiponso kuti ndani mwa awiriwo akutsitsa mawu kuti mnzake amveke.